Madzi Amene Tinamwetsa Olemekezeka

"Khadi langa simuliona, a Landing. Ngakhale mugwetse nyumba ino, simuliona."

Amene ankayankhula choncho anali a Nyimasata Sisay, mkazi mnzanga wamkulu, amene tonse timangoti a Nyima. Ine ndinali pakhomo pa khitchini ndikusinja mtedza, ndipo ndinayamba kusinja pang'onopang'ono kuti ndimve bwino. Amuna athu, a Landing Sonko, anali chilili pakati pa bwalo atanyamula kathumba kapulasitiki kamene ankasonkhanitsiramo makadi ovotera a mudzi wonse wa Nyantakunda.

"Ndani wanena zogwetsa nyumba, mkazi iwe? Ndati Loweruka la sabata yamawa kubwera lole. Tonse tikwera, tipita ku Misira, akatisinthira makadiwa, tibwerako. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Akatisinthire chifukwa chiyani? Langa silinang'ambike."

"Ndi dongosolo latsopano."

"La ndani? Chikwatiwire changa muno ndimavotera pasukulu apa. Lero mukuti ku Misira, tsidya la khwawa. Sukulu yathu yasamuka?"

"Olemekezeka a Bunja anena okha. Iwe ukudziwa zambiri kuposa phungu?"

"Za phungu sindidziwa. Ndimadziwa za mpunga wanga. A Bunja anuwo chitseko chotchinga mchere kudambo chija abweretsa liti?"

"Chisankho chikangodutsa."

"Chapitacho munatero. Chinzake chija munateronso, mutavala malaya omwewo."

A Landing anatembenukira kwa ine. Mwamuna wa mitala akagonja khomo lina amathamangira linalo.

"Sarjo, lako lili kuti?"

"Ndinakupatsani dzulo," ndinayankha. Ndinalidi nditawapatsa, pamodzi ndi akazi ambiri a m'mudzi.

"Wamva? Mnzako alibe makani."

"Mnzanga munda wake uli kumbuyo kwa wanga," anatero a Nyima. "Mchere ukamaliza wanga, makani awapeza."

A Landing analiza njinga yawo yamoto n'kutuluka pabwalo, nkhuku zikubalalika. Njingayo anawapatsa ndi a Bunja Touray, phungu wa dera la Kumtunda, kuti aziwayendetsera zachipani m'mudzi muno. Kale amuna athu anali mmisiri womanga nyumba, wodziwika mpaka m'midzi yoyandikana nafe. Chibwerere njingayo, zipangizo zawo zinangounjikidwa kuseri kwa nkhokwe, iwo n'kumakhalira kumwa tiyi pansi pa mtengo ndi kuwerengera anthu mavoti.

Mkangano umenewu unkatchula makadi, koma mutu wake unali mpunga. Kuno mpunga ndi wa akazi. Amuna ali ndi mtedza wawo kumtunda, ife tili ndi dambo m'mbali mwa khwawa lochokera mumtsinje waukulu. Mtsinjewo umadzaza ndi kuphwa motsatira nyanja, ndipo chilimwe chikakula madzi ake amasanduka amchere. Amayi athu anaumba khoma ladothi lotchinga dambo, pakati pake pali chitseko chachitsulo. Chitsekocho chinadyeka ndi dzimbiri mpaka kugwa, ndipo kuchokera pamenepo mchere unayamba kudya dambo lathu munda ndi munda. Wa a Nyima ndiwo unali kutsogolo kwenikweni. Theka lake linali litayera kale ngati pathiridwa ufa. Madzi aakulu a chaka chino, amene amabwera mvula isanagwe, akanalowanso, mundawo ukanatheratu.

Dothi tinkatha kuumba tokha. Chimene chinatikanika chinali simenti ndi chitsulo. Chisankho chilichonse a Bunja ankabwera, kuima pakhomalo atakweza mkanjo wawo kuti usade, n'kutiuza kuti chitseko chili m'njira. Njira yake iyenera kuti inali yaitali kwambiri.

Tsiku la msika wa pasabata a Nyima anandidzutsa kuti tikagulitse therere ndi tsabola. Tinakwera ngolo ya bulu. Titafika tinapeza anthu ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, kumene a bungwe loyendetsa chisankho ankaphunzitsa anthu kavotedwe. Anali ataika timigolo tawo tachitsulo patebulo. Mayi wina wovala chipewa cha bungwelo ankaonetsa mmene munthu amaponyera kamwala kagalasi mu kamgolo ka amene wamukonda, belu la m'katimo n'kulira kamodzi. Zimenezo tonse timazidziwa, koma a Nyima anandisiyira dengu n'kudzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Mwana wanga, ndifunse nawo. Akuti makadi akusinthidwa?"

"Kwa amene wasamuka mudzi, mayi. Inu mwasamuka?"

"Ndisamukire kuti ndi msana uwu? Ndine wa ku Nyantakunda."

"Ndiye khadi lanu lili bwinobwino. Mudzavotera pasukulu yanu yomwe ija. Kungoti chaka chino timigolo tanu tidzakhala ndi nkhope za anthu a dera la Kumunsi."

"Kumunsi? Ife ndife a Kumtunda, kwa a Bunja."

"Munali. Malire anasintha, tinalengeza pawailesi."

"Wailesi kwathu imayenda ndi bambo."

Anthu anaseka. Mayiyo anatola kamtengo, nanjuta n'kujambula pansi. Anakoka mzere umodzi nati uwu ndi msewu, winanso nati ili ndi khwawa. Kale malire ankatsata msewu, tsopano akutsata khwawa. Anaika kamwala tsidya lina nati Misira, kena tsidya lino nati Nyantakunda.

"Nanga dambo lathu lili mbali iti?" anafunsa a Nyima.

"Lili tsidya lanu. Ndi la Kumunsi."

"Tsono munthu wa ku Nyantakunda akakalembetsa kuti amakhala ku Misira?"

"Ndiye kuti wanama, komanso kamwala kake kakagwera kwa phungu wa Kumtunda. Koma mudzi wake sungamutsatire. Ndalama zachitukuko za phungu zimathera pamalire a dera lake."

A Nyima anayang'ana mizere ija nthawi yaitali. Ine ndinakumbukira khadi langa lili m'kathumba kaja.

Tisananyamuke tinapita kwa Mba Jonsaba, mayi wa ku Kumunsi amene timagulako nsomba zouma. Mayi ameneyu nkhani za midzi yonse zimafikira pa mphasa yake.

"Kwanu kuli bwanji ndi chisankhochi?" anamufunsa a Nyima akusankha nsomba.

"Kwathu kwavuta, achemwali. A Dampha, mwini masitolo uja, ndi mayi Jawneh amene anali namwino, palibe akumuposa mnzake. Mabanja agawikana. Kwa mchimwene wanga mwamuna ndi mkazi sakudyera mbale imodzi."

"Nanga bwanji sabwera kwathu kudzapempha? Si tili m'dera lawo?"

"Abwere kudzatani? Dziko lonse likudziwa kuti a Bunja akusamutsirani nonse ku Misira. Kumtunda zinthu zawathina, midzi yawo yokhulupirika yachotsedwa, ndiye akufuna atenge anthu n'kusiya nthaka. Mudzi wanu ukanakhala pamalo pake, bwenzi awiriwa akugona pakhomo panu. Timiyala tanu ndi timene tingathetse mpikisanowu."

Tinakweranso ngolo kubwerera kwathu. Titatsala pang'ono kufika, pamene ngolo imawoloka kamlatho ka pakhwawa, a Nyima anati, "Sarjo, taona. Malire ndi awa. Timawawoloka sabata iliyonse osadziwa."

Madzulo ake, a Landing atamaliza kudya mpunga wa ndiwo zotendera, a Nyima anakhala pampando wawo wamfupi moyang'anana nawo.

"Bambo, mumadziwa?"

"Chiyani?"

"Kuti mudzi uno suli m'dera la a Bunja."

A Landing anayamba kutsuka m'manja mosamala kwambiri, chala chilichonse pachokha.

"Malire ndi zinthu za pa pepala. Olemekezeka anati munthu wawo ndi wawo basi, kaya ali tsidya liti."

"Ndiye kuti mumadziwa."

"Ndimadziwa kuti munthu ameneyu watithandiza. Maliro a mayi anga anabwera ndi thumba la mpunga. Njinga iyi unagula ndiwe?"

"Thumba la mpunga wogula, kubweretsera anthu amene anali ndi dambo lodyetsa midzi itatu. Bambo, munda uja anandisiyira ndi mayi anu omwewo. Anandigwira dzanja n'kundiyendetsa m'malire mwake. Mukufuna ndikawauze chiyani?"

"Usandilowetsere akufa m'nkhani za chisankho. Tamvera, Nyima. Lachisanu Olemekezeka abwera kudzachititsa msonkhano, Loweruka lole. Pamsonkhanopo sipadzakhala mafunso. Ukadzangotsegula pakamwa kundichititsa manyazi, ukagona kwa alongo ako."

"Ine kufunsa mafunso pa anthu? Ndine yani? Ine ndidzangopereka madzi kwa mlendo, monga mkazi wamkulu wa pakhomo lomulandira. Kapena zimenezonso mwaletsa?"

"Madzi upereke. Ndi ntchito yako."

Masiku otsatirawo nkhani inayenda m'gulu lathu la akazi, pachitsime ndi kudambo. Ena anakwiya, ena anachita mantha. Makadi athu anali m'manja mwa a Landing, ndipo amuna ambiri anali atalonjezedwa kale kanthu kapamwamba pokwera loleyo. Wina anati mawu a mkazi kumsika sangagwetse mawu a phungu. Zinali zoona. Amuna athu sakanakhulupirira pokhapokha atamva kuchokera pakamwa pa a Bunja eni ake, ndipo ndani akanawakakamiza kunena? Pamisonkhano yotere munthu wamba sayankhula. Wamkulu amanong'ona, woimba zotamanda amakweza mawuwo, ife timawomba m'manja.

A Nyima ankangoti, "Inu mwaiwala kuti ine ndine Sisay, iye ndi Touray."

Apa m'pamene tinayamba kuona pang'ono. A Sisay ndi a Touray ndi ma sanawu, ubale wachipongwe umene makolo anapangana kalekale. Sisay akhoza kumunena Touray kuti ndi kapolo wake, wadyera, wakuba mpunga, pamaliro kapena paukwati, ndipo Touray amabweza chimodzimodzi. Choletsedwa n'chimodzi: kukwiya. Wokwiyira sanawu wake amasekedwa mpaka kumanda, ndipo akuluakulu amati zinthu zake siziyenda. Ngakhale akhale nduna, lamuloli limamugwira.

Lachisanu atatuluka anthu ku mzikiti, magalimoto anafika ndi fumbi lawo. Pabwalo la mudzi panayalidwa mphasa, mipando yapulasitiki kutsogolo. A Bunja anatsika atavala mkanjo woyera wowala ndi kachipewa kopeta ndi ulusi wagolide. Ndi munthu wathupi, wosekaseka, wodziwa kutchula mwana aliyense dzina la agogo ake. Kunena zoona anthu ankamukonda, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka. A Landing anali pambali pawo, kathumba kaja kali m'khwapa.

Kwathu mlendo sayankhula asanamwe madzi. A Nyima anatulukira ndi chikho chachikulu chovundikira ndi kambale, atavala nsalu yawo yakudambo, osati ya chipani. Sanagwade. Anaima patsogolo pa phungu n'kukweza mawu.

"Kodi kapolo wanga wafika osandiuza? Bisani mpunga, anthuni, kwabwera a Touray."

Bwalo lonse linaseka. A Bunja anawomba m'manja mokondwa.

"Ndimadabwa kuti mudzi uno waonda bwanji, kani muli a Sisay. Iwe kapolo wa agogo anga, wasiyako kanthu m'nkhokwe?"

"Ndasiya madzi okha. Imwa, mimba iyo izizire."

A Bunja analandira chikho ndi manja awiri, nati bisimila, n'kupapira kwambiri monga munthu amene wayenda padzuwa. Kenaka nkhope inasintha. Masaya anatupa, maso anatuzuka. Anayesetsa kumeza, koma ena anatuluka n'kunyowetsa mkanjo woyera uja. Anakhosomola mpaka misozi.

Mnyamata wina wa m'galimoto analumpha kuti awakankhe a Nyima. A Keba Fodeh, nkhalamba imene imatsogolera mapemphero, anangotukula ndodo yawo.

"Bwerera, mwana iwe. Za ma sanawu salowerera wachitatu."

A Bunja anapukuta pakamwa. Ndinaona mkwiyo ukukwera m'khosi mwawo, n'kuona akuwumeza pamodzi ndi mchere uja. Anthu onse anali kuwayang'ana. Anaseka, kuseka kouma.

"A Sisay umphawi wafika pomwetsa alendo mchere?"

"Ndawatunga m'munda mwanga m'mawa uno. Iwe wamwa kamodzi wayamba kulira. Mpunga wanga wakhala ukumwa amenewa zaka zonse wakhala phungu."

A Bunja asanayankhe, a Nyima anatambasula dzanja n'kuwachotsa kachipewa kaja kumutu. Zimenezinso sanawu amaloledwa, ndipo mwini wake amawombola. Dazi la Olemekezeka linawala padzuwa, ana n'kugwa nacho chiseko.

"Chabwino, wandigwira," anatero a Bunja akulowetsa dzanja m'thumba. "Nditchulire mtengo."

"Tulutsa dzanja m'thumba. Chipewa ichi chiwomboledwa ndi yankho limodzi. Dera lako likuthera pati?"

"Dera langa lili m'mitima ya anthu anga."

Woimba zotamanda anakweza mawuwo monyadira, koma amene anawomba m'manja anali a m'magalimoto okha.

"Mitima ilibe dambo," anatero a Nyima. "Ndikufunsa khwawa lija wawoloka pobwera kuno. Dera lako likuthera tsidya lino kapena tsidya lina?"

"Mayi, zamalire ndi zovuta, zimafuna anthu ophunzira kuti..."

"Sizovuta. Mwana wa bungwe lachisankho anandijambulira ndi kamtengo, ine wosapita kusukulu ndinamva. Iwe wa nsapato zowala zikukuvuta pati? Lino kapena lina?"

A Bunja anayang'ana kwa a Landing. A Landing anayang'ana pansi. A Keba Fodeh anayankhula mofatsa, osadzera kwa woimba zotamanda.

"Bunja, mwana wa Sainey, wafunsidwa ndi sanawu wako pamaso pa anthu, tsiku la Lachisanu. Ukhoza kumutukwana mmene ungathere, koma sungamunamize. Yankha, nafenso timve."

Phungu anapukuta dazi lake ndi kansalu.

"Malinga ndi mmene aikira panopa, likuthera tsidya lina."

"Ndiye mudzi uno?"

"Uli ku Kumunsi. Koma n'chifukwa chake ndakonza lole, kuti tisasiyane."

"Lole imeneyo idzanyamulanso dambo?"

A Nyima anatembenukira kwa anthu, ndipo mawu awo sanalinso achipongwe.

"Mwamva nokha, abambo. Mawa tikakwera lole, timiyala tathu tikagwera tsidya lina, kwa munthu amene ndalama za dera lake sizingawoloke khwawa. A Kumunsi adzati Nyantakunda sanativotere, a Kumtunda adzati Nyantakunda si kwathu. Tidzakhala mudzi wopanda mwini, tikudya mchere. Ine sindikwera."

Anabwezera kachipewa pamutu pa a Bunja, nakakonza bwinobwino kuti kakhale mowongoka.

"Wawombola, kapolo wanga. Pita bwino. Ukadzabwera ngati mlendo chabe, ndidzakuphikira mpaka ulephere kuimirira."

Sindikudziwa amene anayambitsa, koma akazi tonse tinaimirira. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ndinali ndi chimwemwe chimene sindinachimvepo chikwatiwire. Tinayamba kuyenda kulunjika kwa a Landing, aliyense dzanja lili patsogolo. Amuna athu anayang'ana phungu wawo, anayang'ana ife, kenaka anamasula kathumba kaja n'kukhuthulira makadi onse pamphasa. Misonkhano ndaonapo yambiri, koma wotha anthu akusakasaka nkhope zawo pamphasa unali woyamba.

Loweruka lole inabwera ndithu. Inaima pansi pa mtengo, woyendetsa analiza hutala mpaka kutopa, ndipo inabwerera itanyamula mayi mmodzi amene ankapita kuchipatala ndi mwana. Tsiku lotsatira anyamata awiri a a Bunja anabwera kudzatenga njinga yamoto. A Landing anawapatsa makiyi n'kulowa m'nyumba. Zokagona kwa alongo sanazitchulenso, koma masiku angapo sankayankhula ndi aliyense wa ife. Chakudya ankadya, poti mkwiyo wa amuna athu sufika pambale.

Tsiku la msika tinangomunong'oneza Mba Jonsaba kuti Nyantakunda sanasamuke. Zinakwanira. Asanathe masiku atatu galimoto ya a Dampha inali pabwalo, itadzaza nsalu zokhala ndi nkhope yawo. Anapeza mudzi uli ndi amuna ndi mbuzi zokha. Anauzidwa kuti amene akufuna akazi a muno awatsatire kudambo. Anabwera akudumphadumpha m'matope ndi nsapato zawo zachikopa, natipeza tikuumba khoma.

"Amayi anga, ndakubweretserani nsalu."

"Zikomo, bambo," anatero a Nyima osasiya khasu. "Tiikireni pamene pagumuka apo, tione ngati zitseke madzi."

A Dampha ndi munthu wamalonda, sachedwa kumva. Anafunsa chimene chikufunika, tinawaonetsa, ndipo anati chisankho chikangodutsa atumiza. Akazi tonse tinaseka mpaka ena kukhala pansi m'matope. Anadabwa kuti alakwitsa chiyani.

"Mawu amenewo tili nawo ambiri m'nkhokwe," ndinawauza ineyo, poti tsopano pakamwa panga panali patatseguka. "Mayi Jawneh akuti abwera mawa. Mwina iwo ali ndi ena."

M'mawa mwake simenti ya a Dampha inafika dzuwa lisanatenthe. Mayi Jawneh atafika masana n'kuona matumbawo, sanataye nthawi ndi malonje. Anavula nsapato, analowa m'madzi, anayeza pakamwa pa khoma ndi chingwe, napita nacho kwa wowotcherera zitsulo kutauni. Chitseko chinabwera pa ngolo, chopaka utoto wofiira. Aliyense wa awiriwa pochoka ankafunsa motsitsa mawu ngati angatidalire. A Nyima ankawayankha mofanana, kuti kamwala kamakhala m'chikhatho ndipo kuseri kwa nsalu yotchinga povotera munthu amalowa yekha.

Vuto linatsala limodzi. Simenti inalipo, chitsulo chinalipo, koma woti amange mizati yogwira chitsekocho panalibe. Mmisiri wa kutauni anati abwera sabata ziwiri zikatha, pamene madzi aakulu anali pafupi. Tinayesa tokha, mzati woyamba unapendama ngati munthu woledzera. Tili mkati mokangana za mzatiwo, tinamva mawu kumbuyo kwathu.

"Ndani wasakaniza simenti imeneyi? Mukuphika phala?"

Anali a Landing, wapansi, buluku atapinda mpaka m'mawondo, zipangizo zawo zija zili m'chidebe. Sanayang'ane a Nyima, a Nyimanso sanawayang'ane. Anagwetsa mzati wathu ndi phazi limodzi nayamba kulamula: mchenga uwu ayi, katengeni wa kumtunda, miyala iswedwe, madzi osakanizira akhale a pachitsime. Amuna ena ataona mnzawo ali m'matope anachita manyazi, nabwera mmodzimmodzi. Anagwira ntchito masiku onsewo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinakumbuka chifukwa chimene ndinawalolera ukwati.

Tsiku lachisankho tinavotera pasukulu yathu. Njinga zakapalasa zinaletsedwa kuyandikira kuti mabelu ake asasokoneze, ndiye belu lokha limene linkamveka linali la m'timigolo. Ndili pamzere ndinamva la a Nyima likulira, kenaka la a Landing, kenaka ndinalowa ine. Amene anapambana ku Kumunsi anaposa mnzake ndi timiyala tosadzaza n'chikho chomwe, ndipo mpaka lero onse awiri akatiwona pamsika amayamba ndiwo kupereka moni. A Bunja tinamva kuti anagwa pachisankho ku Kumtunda. Sindinasangalale nazo kwenikweni, komanso sindinalire.

Madzi aakulu anabwera patapita masiku ochepa, chakumasana. Mudzi wonse unapita kukaima pakhoma. Tinaona khwawa likufufuma, madzi otuwa akukwera pang'onopang'ono, kumiza mizu ya mitengo, kufika pa chitseko chofiira. Anakankha, anazungulira, anafunafuna polowera. A Landing anali atanjuta pamwamba pa mzati, dzanja lili pa simenti ngati akumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana. Madzi anakwera mpaka kutsala pang'ono kufika m'milomo ya khoma, anaima, kenaka anayamba kubwerera. Kumbali ya munda wa a Nyima kunali kouma.

Akazi anayamba kuvina pakhoma pomwepo mpaka a Landing anakalipa kuti tigumula ntchito yawo. A Nyima sanavine. Anatsikira m'munda mwawo, anatapa dothi, analifikisa m'manja, ndipo ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ndikuganiza kuti ankauza apongozi athu.

Atakwera, anatenga chikho chija, chomwe chija cha pamsonkhano, chovundikira ndi kambale komweko. Anapita pamene panali a Landing, ndipo ulendo uno anagwada, mawondo onse awiri m'matope.

"Bambo, mwatopa. Imwani."

Anthu anasiya kuvina. A Landing anayang'ana chikho, anayang'ana mkazi wawo. Anachilandira, anavundukula, ananunkhiza. Kenaka anaviika chala chimodzi n'kulawa kunsonga kwa lilime, ndipo khoma lonse linaphulika ndi chiseko, iwonso akuseka nawo.

Anali a pachitsime, ozizira. Anamwa onse osapumira, natambasula chikho kupempha ena.